Mayeso Olondera Webusayiti Azikhala M'fayilo: Mafunso ndi Mayankho

Kampani ikaika pulogalamu yake ya pa intaneti pa cloud, kaya ndi pa Azure ya Microsoft, pa AWS ya Amazon kapena pa Google Cloud, imakhala kuti yalonjeza makasitomala kuti tsambalo lizitseguka usana ndi usiku. Amene amayang'anira lonjezo limeneli ndi mayeso ang'onoang'ono ogogoda pa tsambalo mphindi zingapo zilizonse. Akatswiri sasiyana maganizo pa kufunika kwa mayesowa. Amasiyana pa kakhazikitsidwe kake: ena amadina mabatani pa portal ya kampani ya cloud, ena amalemba zonse m'fayilo n'kusiya kuti script ikhazikitse. Mayankho ali m'munsiwa akuikira kumbuyo njira yachiwiriyi, ndipo chifukwa chachikulu n'chakuti mayeso olembedwa m'fayilo munthu wina akhoza kuwawerenga, kuwatsutsa ndi kuona tsiku limene anasinthidwa.

Kodi mayeso amenewa amagwira ntchito bwanji kwenikweni?

Titenge chitsanzo cha Application Insights, gawo la Azure Monitor. Mwini pulogalamu amapereka adiresi ya tsamba lake, ndipo makompyuta a Microsoft amene ali m'madera osiyanasiyana a dziko lapansi amatumiza pempho ku adiresiyo monga angachitire kasitomala. Amatero pa mphindi 5, 10 kapena 15 zilizonse, malinga ndi zimene mwiniyo wasankha. Yankho likabwera, mayeso amaona ngati nambala yake ndi 200, yosonyeza kuti zonse zili bwino, ngati lafika nthawi yoikika isanathe, ngati muli mawu amene amayenera kupezekamo, ndiponso ngati satifiketi ya chitetezo ya tsambalo idakali ndi masiku. Mwiniyo akalola kuti azibwereza, amalemba kuti tsamba lalephera pokhapokha zitakanika katatu motsatizana. Microsoft imalangiza kuyesa kuchokera m'madera osachepera 5 n'kuliza chenjezo pamene atatu mwa maderawo alephera, kuopa kuti vuto la netiweki ya dera limodzi lingadzutse anthu pakati pa usiku popanda chifukwa.

Ubwino wa mayesowa uli pakuti amachokera kunja. Seva ikhoza kuonetsa kuti ili ndi mphamvu zokwanira, database ikuyankha, palibe cholakwika chilichonse m'kati, pamene kasitomala sakufika n'komwe chifukwa DNS yasokonekera kapena satifiketi yatha. Zida zoyeza za m'kati sizingaone munthu amene wabwerera pachipata. AWS ili ndi mayeso otere otchedwa canary mu CloudWatch Synthetics, Google Cloud ili ndi uptime check, ndipo onsewa amayankha funso limodzi: munthu wamba akatsegula tsambali panopa, aona chiyani?

Poti portal ili ndi mabatani osavuta, script ndi yachiyaninso?

Mayeso amodzi okha amafuna kuti munthu asankhe zinthu pafupifupi khumi: adiresi, madera, nthawi yobwereza, nthawi yodikira yankho, mawu oyembekezeka, masiku a satifiketi, malire a chenjezo, ndi gulu la anthu olandira uthenga. Makampani ambiri amakhala ndi makope atatu a pulogalamu yawo, lopangira, loyeserera ndi logwiritsa ntchito makasitomala, ndipo kope lililonse lili ndi maadiresi angapo. Mukawerengera, zosankhazo zimakwana mazana. Amene amazidina pamanja ndi anthu osiyanasiyana, pa miyezi yosiyanasiyana, ena ali pachangu. Pakatha chaka mumapeza mayeso ena akuyesa kuchokera ku dera limodzi lokha, ena akuloza adiresi yakale, ena akutumiza uthenga ku imelo ya munthu amene anasiya ntchito kalekale.

Choopsa n'chakuti kulakwitsa kotere sikumadziulula. Pulogalamu ikawonongeka makasitomala amadandaula tsiku lomwelo, koma mayeso akawonongeka palibe amene amamva, ndipo chetechete ameneyo amaoneka ngati mtendere. Zili ngati mlonda amene anasiya kubwera ku ntchito mwezi wapitawo: a m'nyumba amagona tulo tabwino usiku uliwonse mpaka tsiku limene akuba afika. Mbiri ya ntchito za makompyuta ili ndi umboni wa zimene ntchito yapamanja yosayang'aniridwa imachita. Pa 1 Ogasiti 2012, kampani ya Knight Capital ya ku America inataya madola oposa 440 miliyoni pa mphindi 45 chifukwa wogwira ntchito anaika pulogalamu yatsopano pa maseva 7 mwa 8, ndipo panalibe wachiwiri woti aone. Makompyuta a kampaniyo anatumiza maimelo 97 onena za vutolo msika usanatsegulidwe, koma palibe anachitapo kanthu chifukwa maimelowo sanakonzedwe ngati machenjezo. Nkhani imeneyi sinali ya mayeso a webusayiti, koma zofooka zake ndi zomwezo: ntchito yobwerezabwereza yochitidwa ndi dzanja, ndi uthenga wopanda mwini. Fayilo yosungidwa mu Git imachotsa zonse ziwiri, chifukwa imanena mayeso onse pamalo amodzi, imakumbukira amene anasintha mzere uliwonse, ndipo ikhoza kukonzedwa kuti isasinthe popanda munthu wachiwiri kuvomereza.

Nanga script yotereyi imaoneka bwanji?

Pali mitundu iwiri. Woyamba ndi wolamula: mumalemba mizere ya PowerShell kapena Azure CLI yonena kuti panga ichi, sintha icho, fufuta chakuti. Mu PowerShell muli lamulo la New-AzApplicationInsightsWebTest, ndipo ambiri amalizunguliza pa mndandanda wa maadiresi wosungidwa m'fayilo ya CSV kapena JSON. Wachiwiri ndi wofotokoza: mumalemba mu Bicep, ARM template kapena Terraform mmene zinthu ziyenera kukhalira, ndipo chidacho chimayerekeza fayilo ndi zimene zili pa cloud n'kukonza posiyana pokha. Mtundu wachiwiriwu ndi umene uyenera kukhala maziko, chifukwa mukhoza kuuyendetsa kakhumi osapanga mayeso obwereza, pamene script yolamula imafuna kuti wolemba aganizire yekha chochita ngati mayesowo alipo kale. Yolamula imakhala ndi malo ake pa ntchito zakanthawi, monga kutulutsa mndandanda wa mayeso onse amene azimitsidwa.

Mukatsegula fayilo ya Bicep ya mayeso amodzi, mupezamo chinthu cha mtundu wa Microsoft.Insights/webtests. Nthawi yobwereza imalembedwa m'masekondi, ndiye mphindi 5 ndi 300. Pali kachizindikiro koyamba ndi mawu akuti hidden-link kamene kamamangirira mayesowo ku Application Insights yake, ndipo kakasowa mayeso sakhala pamalo pake. Madera amalembedwa ndi mayina achidule amene ena ndi osokoneza: emea-nl-ams-azr ndi West Europe, zomwe n'zomveka poti ndi ku Amsterdam, koma emea-ru-msa-edge ndi UK South, ngakhale zilembo zake zikukumbutsa za Russia. Munthu wongodina mabatani saona zimenezi, koma wolemba script ayenera kuzitsimikizira kamodzi n'kuzisunga pamalo amodzi. Chofunika koposa n'chakuti mayeso, lamulo la chenjezo ndi gulu lolandira uthenga ndi zinthu zitatu zosiyana. Portal imakupangirani lamulo la chenjezo mukamapanga mayeso, pamene script imapanga zokhazo zimene mwalemba. Amene walemba mayeso okha amakhala ndi ma graph okongola koma foni yake sidzalira. Choncho fayilo yabwino imamanga zitatuzi pamodzi, kuti adiresi iliyonse yowonjezedwa pa mndandanda izibwera ndi chenjezo lake.

Koma script ikalakwa imawononga zambiri nthawi imodzi. Kodi dzanja si lotetezeka?

Nkhawa imeneyi ndi yoona ndipo ili ndi umboni wake. Mu Epulo 2022, script ya kampani ya Atlassian inapatsidwa manambala olakwika n'kufufuta masamba a makasitomala 775, ndipo ena anadikira pafupifupi milungu iwiri kuti zinthu zawo zibwerere. Pa 28 Febuluwale 2017, injiniya wa Amazon analemba lamulo molakwitsa n'kuchotsa maseva a S3, malo a AWS osungira mafayilo, ambiri kuposa amene amafuna, ndipo masamba ochuluka a pa intaneti anavutika kwa maola pafupifupi anayi. Script yolakwika ikhozadi kuzimitsa mayeso onse a kampani m'kuphethira kwa diso, zimene munthu wodina mabatani sangathe ngakhale atafuna.

Komabe taonani zimene Amazon inachita pambuyo pake. Sinabwerere ku ntchito yapamanja. Inasintha chidacho kuti chizichotsa maseva pang'onopang'ono ndiponso chizikana kuchotsa ngati otsala achepa kupitirira malire. Phunziro lake n'lakuti chitetezo chimamangidwa m'chida, ndipo chida chokha ndicho chingamangidwe motero. Dzanja la munthu wotopa silingaikidwe malire. Pa mayeso athuwa njira zake zilipo kale. Terraform ili ndi lamulo la plan, ndipo Azure ili ndi what-if, zonse zimaonetsa zimene zisinthe chisanasinthe chilichonse. Mzere wonena kuti mayeso 40 afufutidwa ndi wovuta kuuphonya ngati munthu wachiwiri ayenera kuuwerenga asanavomereze. Akaunti imene script imagwiritsa ntchito ipatsidwe mphamvu pa mayeso ndi machenjezo okha, isakhudze database. Kusintha kuyambe pa kope loyeserera. Zikalakwikabe, Git ili ndi fayilo ya dzulo, ndipo kubwezeretsa mayeso onse ndi ntchito ya mphindi zochepa. Kulakwitsa kwa script kumakhala kwakukulu koma kooneka ndi kobwezeka, pamene kwa dzanja kumakhala kwakung'ono, kobisika, ndipo kumaunjikana.

Kampani yaing'ono ya tsamba limodzi ivutikirenji ndi zonsezi?

Ngati mayeso alidi amodzi ndipo amene amawayang'anira ndi mwini kampani, portal ndi yokwanira, ndipo kuphunzira Terraform chifukwa cha mayeso amodziwo n'kutaya nthawi. Vuto n'lakuti makampani ochepa okha ndi amene amakhala pamenepo kwa nthawi yaitali, ndiponso nthaka imene mayesowa aimapo imasuntha. Microsoft inathetsa mayeso ake akale a masitepe angapo pa 31 Ogasiti 2024, ndipo inalengeza kuti mayeso a URL ping atha pa 30 Sepitembala 2026, onse asamukire ku mtundu wotchedwa standard. Amene ali ndi fayilo amasintha mtundu pamalo amodzi n'kuyendetsa script. Amene anadina pamanja ayenera kuyamba wafufuza mayeso onse m'ma subscription onse, kenako n'kuwapanganso limodzilimodzi, akukumbukira zosankha zimene wina anapanga zaka zapitazo popanda kulemba chifukwa.

Palinso nkhani ya ndalama. Mayeso a URL ping anali aulere, pamene a standard amalipiritsa pa ulendo uliwonse umene ayesa. Mayeso amodzi ochokera m'madera 5 pa mphindi 5 zilizonse amayesa maulendo 1,440 patsiku, kutanthauza 43,200 pa masiku 30. Kwa kampani imene imalipira cloud m'madola koma imapeza ndalama zake m'makwacha, kuchulukitsa nambala imeneyi ndi maadiresi 30 ndi makope atatu si nkhani yamasewera. M'fayilo n'kosavuta kulemba lamulo lakuti kope loyeserera liziyesedwa pa mphindi 15 kuchokera m'madera ochepa, la makasitomala lokha ndilo lizilandira madera 5. Poyambira sipovuta: portal ya Azure imatha kutulutsa template ya mayeso amene alipo kale, ndiye kampani yaing'ono ikhoza kudina kamodzi, kutulutsa fayiloyo n'kuisunga pamodzi ndi pulogalamu.

Pa nthawi yokonza pulogalamu, kodi script izizimitsa mayeso?

Apa ndi pamene anthu ambiri amayambira kulemba script, chifukwa palibe amafuna mauthenga makumimakumi pa ntchito imene anaikonzekera. Mayeso aliwonse ali ndi mzere wa Enabled, ndipo kuuzimitsa pa mayeso onse ndi ntchito ya mizere yowerengeka. Koma njira imeneyi ili ndi mbuna ziwiri. Yoyamba n'njakuti script ikafera pakati, mayeso amatsala ozima, ndipo monga tanena kale palibe chimene chimalira. Yachiwiri ndi ya chilungamo. Kampani yolonjeza kuti tsamba lizipezeka 99.9 peresenti ya nthawi ili ndi mphindi 43 zokha pa masiku 30 zoti tsambalo lingagwe, ndipo yolonjeza 99.99 peresenti ili ndi mphindi zinayi ndi masekondi pang'ono. Mayeso akamazimitsidwa nthawi iliyonse imene tikudziwa kuti tsamba ligwa, lipoti la kumapeto kwa mwezi limaoneka bwino kuposa zimene kasitomala anakumana nazo.

Njira yabwino ndi kusiya mayeso akuyenda n'kutontholetsa uthenga wokha. Azure Monitor ili ndi alert processing rule, lamulo limene limaletsa mauthenga kuyambira nthawi yakuti kufika nthawi yakuti, ndipo nthawiyo ikakwana limasiya lokha. Script izipanga lamulo limeneli, nthawi yomalizira italembedwa kale. Mwanjira imeneyi mbiri ya zimene zinachitika imasungidwa, ndipo ngati mgwirizano ndi makasitomala umalola kuchotsera nthawi yokonza, amaichotsera poyera m'lipoti. Pamene kuzimitsa sikungapeweke, pakhale script ina yoyenda tsiku lililonse yoyerekeza fayilo ndi zimene zili pa cloud, yotumiza uthenga ikapeza mayeso ozima kapena osinthidwa pamanja.

Kodi script imapangitsa mayeso kukhala abwino?

Ayi. Script imachulukitsa chimene mwaipatsa, chabwino kapena chachabechabe. Mayeso ongoona ngati tsamba loyamba layankha 200 akhoza kukhala obiriwira pamene palibe kasitomala angathe kulowa kapena kulipira, chifukwa tsamba loyamba nthawi zambiri limasungidwa pa CDN ndipo silikhudza database. Pulogalamu imafunika adiresi yapadera yonena za thanzi lake, imene imayesa database ndi zina zofunika isanayankhe, ndipo mayeso azifufuza mawu enieni m'yankholo, poti mapulogalamu ena amaonetsa tsamba lopepesa koma nambala ili 200. Ubwino wa fayilo pano n'ngwakuti mayeso amasintha limodzi ndi pulogalamu: amene wasintha adiresi kapena mawu a patsamba amasinthanso mayeso m'ntchito yomweyo, ndipo woyang'anira amaona ngati waiwala.

Satifiketi ikufunika chidwi chapadera. Pa 3 Febuluwale 2020, Microsoft Teams inagwa kwa maola angapo chifukwa satifiketi inatha osaikonzanso. Ngati zinachitikira kampani yaikulu chotero, zikhoza kuchitikira aliyense, ndipo mpata wolakwitsa ukukula: mu Epulo 2025 bungwe la CA/Browser Forum linavomereza kuti moyo wa satifiketi uzichepa pang'onopang'ono kuchoka pa masiku 398 kufika pa masiku 47 pofika Malichi 2029. Mayeso a standard amatha kulephera dala satifiketi ikatsala ndi masiku ochepera amene mwasankha, ndipo mzere umodzi m'fayilo umaika lamulo limeneli pa maadiresi onse. Chinthu chimodzi chisalowe m'fayilo: mawu achinsinsi. Mayeso ofuna kiyi aziitenga ku malo osungira zinsinsi monga Azure Key Vault pa nthawi imene script ikuyenda, chifukwa chimene chalowa mu Git chimakhalabe m'mbiri ngakhale mutachifufuta.

Mayeso ochokera ku Ulaya anganene zoona za kasitomala wa ku Lilongwe kapena ku Chipata?

Amanena theka la zoona. Microsoft inatsegula malo ake a maseva ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, koma pa madera 16 amene mayeso a Application Insights akhala akuchokera, onse ali ku America, ku Ulaya, ku Asia ndi ku Australia. Pempho lochokera ku Amsterdam limatsimikiza kuti seva ili moyo, koma silidutsa njira imene foni ya ku Blantyre imadutsa. Pa 12 Meyi 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inavuta ku Tanzania, Mozambique, Malawi ndi mayiko ena a kum'mawa kwa Africa. Pa tsiku lotere, tsamba losungidwa ku Ulaya limapambana mayeso onse pamene makasitomala ake akulephera kulitsegula.

Wina anganene kuti chingwe chikaduka mwini tsamba alibe chochita, ndiye kudziwa n'kopanda phindu. Koma kudziwa kumamuthandiza kuuza makasitomala zoona, kumaletsa mainjiniya kufunafuna vuto m'pulogalamu yabwinobwino, ndipo kumapereka umboni pa tsiku losankha kumene seva izikhala. Kampani ikhoza kuika kakompyuta kakang'ono pa netiweki ya kuno, koyesa maadiresi omwewo n'kutumiza zotsatira ku Application Insights kudzera mu TrackAvailability, kapena kugwiritsa ntchito chida chaulere monga Blackbox Exporter ya Prometheus. Mayeso achiwiriwa ali ndi phindu linanso, lakuti sadalira kampani ya cloud yomweyo. Pa vuto la S3 la 2017 lija, Amazon inalephera kwa kanthawi kusintha tsamba lake lolengezera mavuto chifukwa nalonso linkadalira S3. Njira ziwiri zoyesera zikamawerenga mndandanda umodzi wa maadiresi sizisiyana, ndipo zimenezi n'zotheka pokhapokha mndandandawo uli m'fayilo.

Ndiye woyamba lero ayambire pati?

Ayambe ndi kuwerenga zimene zilipo. Script yoyamba isasinthe kanthu, ingotulutsa mndandanda wa mayeso onse, adiresi yake, madera ake, ngati ali oyaka, ndiponso ngati ali ndi chenjezo lofika kwa munthu amene adakali pa ntchito. Mndandanda umenewu wokha umayankha ngati kampani ikufunika zonse tafotokozazi. Kenako asamutsire mayesowo m'fayilo ya Bicep kapena Terraform, ayendetse what-if kapena plan mpaka fayilo ndi cloud zigwirizane, ndipo kuyambira pamenepo anthu achotseredwe mphamvu yosintha mayeso pa portal, atsale ndi yoona chabe.

Sitepe yomaliza ndi imene ambiri amaidumpha. Fayilo yolembedwa bwino imatsimikiza kuti mayeso alipo, koma sitsimikiza kuti uthenga ufika. Pa kope loyeserera, azimitse pulogalamu dala masana anthu onse alipo, ayang'ane wotchi, aone kuti padutsa mphindi zingati foni ya amene ali pa ntchito isanalire. Ikapanda kulira, vutolo lapezeka pa tsiku limene silinawononge ndalama ya munthu aliyense. Ikalira, alembe nambala ya mphindizo pafupi ndi lonjezo la 99.9 peresenti, chifukwa mphindi zimenezo zimachotsedwa pa 43 zija munthu asanayambe n'komwe kukonza. Kuyesa kumeneku kukhale pa kalendala miyezi itatu iliyonse, ndiponso nthawi iliyonse imene gulu lolandira mauthenga lasintha.